Komiti Imene Inkavotera Nao

Ndikukumbukira chaka chimene kompyuta inafika pasukulu yathu ku Kacholola, ine ndili mu giledi sikisi. Inabwera pangolo ya ng'ombe kuchokera kumsewu waukulu, itafunditsidwa bulangete ngati wodwala malungo, ndipo ana tonse tinaithamangira pambuyo mpaka pakhomo la ofesi. Matipate anali atazika kale mizu. Salaula, zovala za kaunjika zija, anali mbwee m'mbali mwa msewu, makampani ogula thonje ankasintha mayina chaka ndi chaka, ndipo ngakhale wogulitsa nthochi pamawindo a basi anali ataphunzira kunena kuti "ni ufulu wanga". Kompyutayo inali mphatso ya bungwe lina lothandiza othawa nkhondo, limene linkatseka maofesi ake. Anthu a ku Mozambiki anali atabwerera kwawo, ntchito inali itatha, choncho katundu wotsala ankangomupereka kwa aliyense amene anali ndi chitseko chokhala ndi loko.

Koma si onse anabwerera. Ife tinatsala. Atate anga anabadwira kutsidya kwa malire, kumene anthu amalankhula Chinsenga chomwechi, ndipo nkhondo inawathamangitsira kumsasa wa othawa nkhondo kumtunda kwa Petauke. Malole atabwera kudzatenga anthu, iwo anaona kuti kwawoko kunalibenso wowalandira, chifukwa mudzi unapsa. Ndiye anatitenga mwakachetechete, amayi ndi ine, n'kudzapempha munda ku Kacholola. Anadzitcha a Phiri, dzina limene palibe amalifunsa kawiri. Mapepala analibe. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti tsiku limene anthu adzadziwe kumene tinachokera, lole idzabwera, ndipo tidzasiya munda, mbuzi ndi manda a mng'ono wanga amene tinamuika ku Kacholola chaka choyamba.

Chifukwa cha mantha amenewa panyumba panali lamulo: liwu la Chipwitikizi lisatuluke pakhomo. Atate anaphunzira pang'ono chinenerocho kusukulu ya abambo a mishoni, amayi nawo ankachidziwa cha kumsika, koma ine ndinkangomva zidutswa, makamaka amayi akapsa mtima. Ndikafuna kutapa shuga ndi chala ndinkamva "Não!" wotulukira m'mphuno, ndipo ndinkadziwa kuti ndi kukana kopanda apilo. Kunja atate ankabisala poonekera. Sankajomba kumsonkhano uliwonse, njerwa za sukulu ankayamba ndiwo kuumba, pamaliro ankayamba ndiwo kugwira khasu. Anthu ataona khama limeneli anawasankha kukhala wapampando wa komiti ya makolo. Mantha awo ndi amene anawakweza pampando.

Tsiku loyatsa kompyuta komiti yonse inalipo. Magetsi kunalibe, choncho a Mwanza a chigayo anabwereketsa jenereta yawo, imene inkatsokomola utsi wa petulo pawindo mpaka maso kuwawa. Ahedi athu, a Tembo, munthu wamtali wokonda dongosolo, anadina batani ndi chala chimene anayamba achipukuta pathalauza. Bokosi linang'ung'udza, galasi linawala, ndipo mawu anatuluka. Ahedi anavala magalasi, anawerenga, anawavula, anawapukuta, n'kuwavalanso.

"Ichi si Chizungu," iwo anatero.

Ine ndinali pawindo ndi anzanga. Ndinayang'ana atate ndipo ndinaona nkhope yawo itayera ngati phulusa. Kompyuta ija inkalankhula Chipwitikizi.

Mmene ndinalowera m'nkhaniyi ndi chifukwa cha mbewa. Panali mphunzitsi wachinyamata, a Sakala, amene anaionapo kompyuta ku Chipata, ngakhale kuti pambuyo pake anavomera kuti inali yozima. Iwo ndi amene anatiuza kuti kachinthu ka chingwe kaja amakatcha mbewa. Amai Lungu, woimira amayi mukomiti, anakanyamula, anakatembenuza, n'kunena kuti mbewa yopanda nyama chonchi kwathu sitingaikumbe n'komwe. Akuluakulu anayesa kukayendetsa mmodzimmodzi, koma manja ozolowera khasu ankakankha kamuvi ka pagalasi n'kukaponya pakona. Ahedi ankainyamula mbewayo m'mwamba n'kumailozetsa kugalasi. Pamapeto pake anaitana ine, chifukwa ndinali katswiri wa chiyato ndipo zala zanga zinkamvera. Anandikhazika pampando wa ahedi, miyendo ikulendewera.

Ahedi anagamula tsiku lomwelo. Sukulu ya boma imaphunzitsa m'Chingerezi, ndiye makinawo akapanda kuphunzira Chingerezi pofika kutseka kwa temu, abwerera kumene anachokera. A Sakala anati zimenezo n'zosavuta, chifukwa m'kati mwa kompyuta iliyonse muli chipinda chosinthira zinthu, ndipo chinenero chimasinthidwa mmenemo. Chimene sanatiuze n'chakuti chikwangwani cha chipindacho chinalembedwa m'chinenero chomwecho chimene tinkafuna kuthawa. Mpaka lero sindimvetsa nzeru za amene anakonza zimenezi. Kuti utuluke m'Chipwitikizi unayenera kuyamba wachidziwa Chipwitikizi.

Tinayamba kusaka Loweruka lililonse masana. Ukadina pakona yapansi, mndandanda wa mawu unkaphuka, ndipo mawu ena anali ndi kamuvi kamene kankabereka mndandanda wina, nawonso n'kubereka wina, mpaka galasi kudzaza. Dzanja likaterereka pang'ono zonse zinkazimiririka, n'kuyambiranso. Ndipo poti inali nthawi ya matipate, munthu mmodzi sakanaloledwa kusankha yekha podina. Zimenezo zinali za chipani chimodzi. Mzere uliwonse ankauvotera pokweza manja, atate akuwerenga mavoti monga wapampando, ine ndikudikira ndi chala m'malere. Ana anzanga ankadzaza mawindo n'kutseka mphepo, ndipo muofesi munkanunkha thukuta, petulo ndi fodya wa a Zulu atelala, amene nawonso anali membala.

Chipinda chija tinachipeza mwangozi. Munali tizithunzi tambirimbiri, wotchi, chimkuzamawu, utoto, mbewa ina, dziko lapansi, ndipo pamwamba panalembedwa mawu amene a Sakala anawawerenga kuti "Painel de controlo". Nthawi iliyonse ndikalowa mmenemo atate ankatsinzina. Ndinadzamvetsa nditawamva akunong'oneza amayi kuseri kwa nkhokwe kuti makina aja ali ndi kontololo m'mimba. Kwawo kuja, kontololo anali malo amene asilikali ankaimika anthu pamsewu n'kufunsa mapepala, ndipo ena sankapitirira pamenepo. Tsopano mwana wawo ankalowa pakontololo Loweruka lililonse, iwo akuchititsa chisankho.

Komiti inavotera tizithunzi timeneti mmodzimmodzi, ndipo zimene tinachita nazo kompyuta ija Mulungu atikhululukire. Galasi linasanduka lofiirira. Kamuvi kanamera mchira wautali wotsalira m'mbuyo. Zilembo zinakula moti liwu limodzi linkadzaza theka la galasi, ndipo batani lobwezera zinthu mwakale linagwera pansi, kumene kamuvi sikankafika. Tsiku lina mabatani a mbewa anasinthana ntchito, ndipo a Daka akatekisiti anapempha kuti tiyambe tapemphera. Chodabwitsa n'chakuti zoipa zonsezi makinawo ankazilandira osafunsa kanthu. Kufunsa anadzayamba titafika pachimene tinkafuna.

Chinali kuseri kwa kachithunzi ka dziko lapansi. Munali mndandanda wautali wa zinenero, ndipo a Sakala anazindikira liwu lakuti "Inglês", n'kulumbira kuti ameneyu ndi Ingilishi wavala chabe chipewa. Anthu anaomba m'manja. Ndinadina, ndipo panatuluka kabokosi kotuwa kokhala ndi funso lalitali ndi mabatani awiri. Lina linalembedwa Sim, lina Não.

A Daka anaimirira, poti ndi amene ankadziwa kumasulira mawu ovuta a m'Buku.

"Apa palibe chovuta, abale," iwo anatero. "Sim ni kukana. Si, sindifuna, simufuna, sitifuna. Manje uyu winangu ni Nao. Tili nao, tiyende nao, tigwilizana nao. Ni kuvomela. Ako kanyongolosi kali pamwamba ni kokongolesa chabe."

Kunena zoona, mfundo inali yomveka, moti mpaka lero ndimaigomera. Manja anakwera onse. La amai Lungu linathamanga, la a Zulu linatsatira, la atate linakwera pomalizira koma linakwera. Ine ndinkamudziwa Não uja, ndinkakumana naye pashuga tsiku ndi tsiku. Ndinayang'ana atate, iwo anayang'ana malata. Ndinadina Nao. Kabokosi kanachoka mwaulemu, ndipo palibe chinasintha.

Zinapitirira choncho Loweruka ndi Loweruka. Tinkakwera mindandanda ija, kulowa pakontololo, kupeza dziko lapansi, kusankha Ingilishi wa chipewa, kenako makina ankatifunsa ngati tikufunadi kusunga zimene tasinthazo, ndipo komiti yonse inkakana mokondwera. Panabadwa chipani chotsutsa, cha munthu mmodzi, a Mwanza, amene petulo wawo ndi amene ankapsa. Iwo ankati bwanji tiyeseko Sim kamodzi chabe tione. Anthu ankawakuwiza kuti kukana mphatso ndi mwano, ndipo azungu akamva sadzatipatsanso kanthu. Atate ndi amene ankawadzudzula kwambiri, thukuta likutsika m'khosi. Kunyumba sankadya bwino. Ndinkawamvera chisoni, komanso pena ndinkafuna kuseka, ndipo sindinkadziwa kuti ziwirizi ndiziika pati.

Loweruka lomaliza la temu ahedi mtima unawathera. Anandilanda mbewa, anaikankha uku ndi uko mwaukali, ndipo mosadziwa anakoka kachithunzi kachikasu n'kukaponya pa kena kooneka ngati bini ya zinyalala. Makina analira "ding", ndipo panatuluka kabokosi ka chizindikiro cha chenjezo, pansi pake anthu athu awiri aja, Sim ndi Nao. Ahedi anaisiya mbewa ngati yawaluma, n'kundibwezera. A Sakala anati chizindikiro chimenecho ndi changozi, ngati cha pabotolo la mankhwala a thonje, ndipo chilichonse chimene makinawo akupempha tiyenera kukana. Apa panalibe wotsutsa. Kukana, malinga ndi malamulo a komiti, kunali Sim.

Funso lija, monga ndinadzamva pambuyo pake, linali lakuti kodi tikufunadi kufafaniza zonse zimene zinali m'kachikasu kaja, ndipo mmenemo ndi mmene munali moyo wa makinawo. Ine sindinkatha kuliwerenga. Ndinangodziwa kuti ndikupita kukavomera chinthu choopsa. Ndinayendetsa kamuvi pang'onopang'ono, mchira wake ukukwawa pambuyo, mpaka kanaima pa Sim. Ndinaika chala pabatani.

"Não!"

Anali atate. Liwu lija linatuluka lathunthu, la m'mphuno, limene munthu wobadwira kwathu kuno sangalitchule ngakhale atadwala chimfine. Koma silinatuluke lokha. Nthawi yomweyo amai Lungu anakuwa kuti "Não, menina!", kutanthauza kuti ayi, mtsikana iwe, ndipo kukona a Zulu atelala anagwira mutu n'kuitana Mulungu m'Chipwitikizi. Anthu atatu aja anayang'anana ngati akumana kubafa. Aliyense anali atabisala kwa mnzake zaka zonsezo, ndipo aliyense ankakweza dzanja povota kuti mnzakeyo asamukayikire.

Ahedi anavula magalasi.

"Nonse atatu?" anafunsa. "Masabata onse aya?"

"Petulo wanga!" a Mwanza analira. "Mwenze kuziba, imwe banthu, petulo wanga!"

Palibe anafunsa za malire kapena mapepala. Ahedi anangokoka benchi n'kuuza atatuwo kuti akhale kutsogolo awerenge. Ndinadina Não, nthawi yoyamba kumudina pa ntchito yake, ndipo makina anapulumuka. Koma musaganize kuti zinthu zinayenda myaa. Chipwitikizi cha atate chinali cha katekisimu, cha amai Lungu chinali chogulitsira nsomba, cha a Zulu chinali chotukwanira. Makinawo ankakamba za mawindo, ndipo atate ankayang'ana kukhoma. Ankakamba za njira yachidule, a Zulu n'kumachenjeza kuti njira zachidule kwawo zinali ndi mabomba. Anakangana pa mzere uliwonse. Komabe tinafika padziko lapansi, tinasankha, tinavomera ndi Sim, a Daka akuyang'ana kumbali. Galasi linada, linang'ung'udza, linawalanso.

Zonse zinali m'Chipwitikizi monga kale. Chimene chinasintha ndi kalembedwe ka deti ndi wotchi yapakona. Chipinda chija sichinali chosinthira chinenero cha makina, chinali chongowauza kuti ali kudziko liti. Ndipo titaunguza mndandanda wa mayiko kuyambira pamwamba mpaka pansi, Zambia munalibe. Atate anandipempha motsitsa mawu kuti ndibwerezenso, ndipo ndinadziwa chimene ankafuna. Mozambiki namonso munalibe.

Ahedi anausa moyo n'kunena kuti lamulo ndi lamulo, makinawo abwerere. Apo atate anaimirira.

"Ahedi, yayi," iwo anatero. "Yankhala kale kuno. Yadya fumbi yathu, yazibana na bana bathu. Kwamene inachoka kulibe wamene aiyembekeza. Ikambe mwamene ikambila, ise tizamasulila."

Anaitanitsa voti, ndipo kwa nthawi yoyamba sanakweze dzanja lawo, anangowerenga a ena. Onse anakwera, ngakhale la a Mwanza, amene anati bola wina azigula petulo. Kompyuta inatsala.

Koma atate sanakhulupirire kuti voti ija inkawakhudzanso iwo. Anati makina ndi katundu wa sukulu, munthu ndi nkhani ya boma, ndipo mawu akatuluka pakamwa amayenda okha mpaka kuboma. Tsiku lotsatira anasamba m'mamawa, anavala jekete yawo ya kutchalitchi, n'kukakhala pansi pa mtengo wa msekese kunjira yolowera kwathu. Anati akabwera kudzawagwira awapeze pamenepo, asachite kulowa m'nyumba. Amayi anamanga mapoto m'chitenje. Thonje linali litayera m'munda koma palibe analikhudza. Ine ndi amayi tinapita kukasesa pamanda a mng'ono wanga, ndipo amayi anamuuza kuti akadzaona kuti sitikubwera asaganize kuti tamuiwala. Apo ndinalira, ndipo kompyuta ija ndinaida ndi mtima wanga wonse.

Anakhala pamsekese paja masiku angapo, akudzidzimuka ndi galimoto iliyonse yolira kumsewu waukulu. Kenako tsiku lina dzuwa lili pamutu tinaona njinga ikubwera m'kanjira, wokwerapo wamtali, tayi ikuuluka paphewa. Anali ahedi. Atate anaimirira, anamanga mabatani a jekete, n'kutambasula manja onse awiri pamodzi kutsogolo. Ahedi anatsika akupuma wefuwefu, anaona manja aja, ndipo anangogwira limodzi n'kupereka moni.

"A Phiri, kompyuta yafunsanso chinthu," iwo anatero. "Amai Lungu ali ku malilo, a Zulu amanama. Tiyeni."

"Kulibe benangu bamene babwela?" atate anafunsa.

"Benangu bati?"

"Ba boma. Pa nkhani ija."

Ahedi anaseka mpaka kugwira chishalo cha njinga.

"Bambo, ija tinaziba kudala, chaka chamene munabwela. Munthu wa kuno saimba nyimbo ya fuko mavesi onse. Ise timasilizila pa yoyamba, imwe mupitiliza mweka."

Atate anakwera pakaliyala ndi jekete yawo, miyendo atatambasula, ndipo ahedi anawapalasa kupita kusukulu. Amayi anaima pakhomo mpaka njinga inabisika m'chimanga cha eni, kenako anamasula chitenje chija n'kunditumiza kukatunga madzi. Madzulo ake tinayamba kutola thonje.

Kompyuta ija inagwira ntchito zaka zingapo, yofiirira, ya kamuvi ka mchira, ndipo ana a ku Kacholola a nthawi imeneyo tinaphunzira kusunga ndi kutseka m'Chipwitikizi tisanadziwe kuti zinthu zimenezi zili ndi mayina ena. Lero ndimakhala ku Petauke, ndipo ana anga amasintha chinenero cha foni ndi chala chimodzi uku akudya chimanga. Foniyo sifunsanso kuti uli kudziko liti, imadziwa yokha mpaka nyumba imene wakhalamo, chinthu chimene atate chikanawagonetsa kuthengo. Komabe ndikafuna kuchepetsa kuwala kapena kuletsa phokoso, ndimasochera m'mindandanda ngati kale, ndipo ndimaona kuti okonza zinthu zimenezi sanasiye khalidwe lawo lobisa khomo.

Atate anamwalira ali okalamba, ndipo anagona ku Kacholola pafupi ndi mwana wawo. Lole sinabwere. Nkhani ya Nao timaisimba pamaukwati n'kuseka mpaka misozi, koma ine pali pamene pamandipweteka. Munthu uja anakhala zaka zonse zija akuopa anthu amene anali atamulandira kalekale. Onse ankadziwa, onse anavomera, koma palibe amene anaganiza zopita kukamuuza.